Kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga ndi ndodo ya mita imodzi

Tsiku loyamba, ku Nsanje

Wandiyendetsa ulendo uno ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3. Atatsekera sukulu anabwera ndi ntchito ya jogalafe yokapereka potsegulira. Anampatsa manambala awiri a malo osiyanasiyana, latitude (kutalikirana kwa malo ndi ikweta) ndi longitude (momwe malo alili chakum'mawa kapena chakumadzulo), kuti anene chigawo cha nyengo cha malowo ndi kuyerekeza kutentha kwake kwa pachaka. Mwanayo anatsata buku: malo onse apakati pa ikweta ndi madigiri 23.5 ndi otentha, ndipo ukamayandikira ikweta kutentha kumaonjezeka. Potero pa pepala lake Mzuzu inatuluka yotentha kuposa Nsanje.

Ine ndinakalambira pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo nditaona pepalalo mtima sunakhale m'malo. Masamu sanalakwitse ayi. Anangopatsidwa manambala awiri pa nkhani yofuna atatu. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, longedza, tikazimve ndi khungu lathu."

Ndiye tili ku Nsanje, kumapeto kwa Julaye. Foni yake ikuti tili pa madigiri 16.9 kumwera kwa ikweta ndi 35.3 kum'mawa. Pansi pa manambala awiriwa pali yachitatu yomwe iye sankaiyang'ana n'komwe: kukwera kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere. Pano sitinafike ngakhale mamita 100. Dziko lathu lonse, malo otsikitsitsa ali m'chigwa chino, pomwe Shire akutulukira kulowa ku Mozambique.

Ndampatsa lamulo limodzi loti tiziyenda nalo. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. Poyambira tatenga 27, ngati kutentha kwa pachaka kwa malo a chigawo chino amene ali pamlingo wa nyanja yamchere. Nambala ya 27 ndaisankha ndine, ndi poikira phazi chabe. Nsanje yatuluka 26 ndi theka.

Masana tinazika nsungwi ya mita imodzi pabwalo, chilili, n'kumalemba nsonga ya mthunzi wake ndi timiyala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mthunzi unaloza kumwera, popeza mwezi uno dzuwa likudzera kumpoto, ndipo unafupikitsitsa cha m'ma 11:45, pa masentimita 73. Anadabwa kuti bwanji osati 12 koloko. Apa m'pamene longitude imagwira ntchito. Wotchi yathu inatcheredwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, ndipo digiri iliyonse ndi mphindi 4. Nsanje ili madigiri 5 kutsogolo, ndiye dzuwa limafika paliwombo mphindi 20 msanga, kuchotsapo mphindi zochepa zomwe limachedwa mwezi uno. Longitude imakuuza za wotchi. Za thukuta ilibe nazo mawu ambiri.

Usiku uno tafunda nsalu imodzi yokha. Mayi wa pamalo pomwe tagona akuti kwazizira chaka chino.

Tsiku lachiwiri, ku Blantyre

Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi, kudzera ku Bangula, Ngabu ndi Nchalo. Ndinamuuza kuti foni aisunge kaye, aziwerenga minda. Mapesi a mapira ndi mchewere, thonje lotsalira, milambe yothothoka masamba, nzimbe za ku Nchalo zobiriwira chifukwa cha madzi opopa mu Shire. Zonsezi ndi mbewu zopirira dzuwa. Mlimi wa kuno sanaonepo latitude ya munda wake, koma zimene amabzala zimanena nyengo molondola kuposa pepala lililonse.

Titaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, galimoto inayamba kubuula pachitunda. Makutu anatseka. Anthu amene anakwera atavala malaya okha anayamba kufunafuna majuzi m'zikwama, ndipo kondakitala anatseka mawindo asanauzidwe. Kuchokera ku Chikwawa kufika ku Blantyre latitude imasintha ndi kagawo kakang'ono ka digiri imodzi, ndipo imasinthira koyandikira ikweta. Koma tinakwera mamita oposa 900.

Pakati pa chitundacho mdzukulu wanga anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera. "Agogo, pokwera phiri si ndiye kuti tikuyandikira dzuwa? Nanga kukuziziranji?"

Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, kilomita imodzi sikanthu kwa ilo. Ndipo dzuwa silitenthetsa kwenikweni mpweya podutsa. Limawotcha nthaka, nthaka n'kumafunditsa mpweya kuchokera pansi. Kumwamba mpweya supanikizika kwambiri, ndiye ukakwera umatambasuka, potambasukapo n'kuzizira. Ndinamukumbutsa za pampu ya njinga, momwe imatenthera m'manja ukamapopa, ndi momwe mpweya wotuluka pa vavu umazizirira ukaphwetsa tayala. Bambo wina amene anakhala kumbuyo kwathu, wokonza njinga, anavomera mokweza kuti ndi zoona.

Blantyre yatilandira ndi chiperoni. Ndirande ndi Soche osaoneka, kamvula kowaza kosalekeza, aliyense manja m'thumba. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali yomwe mphepo yachinyezi imeneyi imadzera pochokera ku nyanja ya Indian. Ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi kuno imakwera, n'kuzizira, chinyezi chija n'kusanduka nkhungu. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amadalira mvula ndi chinyezi chotere, pomwe chigwa chimene tachokera m'mawa chimatsala chouma.

Masamu athu: mzinda uli pa mamita pafupifupi 1,040, ndiye 27 kuchotsa 6.8, yatsala 20 ndi pang'ono. Koma foni inaonetsa kutentha kokwererapo. Ndinamufotokozera kuti bwalo la ndege la Chileka, komwe kuli zida zoyezera nyengo, lili m'munsi, pa mamita osakwana 800. Mzinda umodzi womwewu, wa ku Chileka ndi wa ku Limbe safunda bulangete lofanana.

Tsiku lachitatu, ku Dedza

Pa Zalewa tinavula majuzi, chifukwa msewu unatsikiranso ku Shire. Ku Ntcheu tinavalanso. Mwanayo wayamba kuloseratu yekha: amayang'ana nambala yachitatu ija ikamakwera, n'kundiuza kuti, "Agogo, konzani jekete."

Kuyambira pa mphambano ya Tsangano mpaka Lizulu ndi Bembeke, m'mbali mwa msewu ndi milumilu ya mbatata ya kachewere, kabichi, karoti, anyezi, nsawawa. Kachewere kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo safuna usiku wofunda. Nthaka ikatentha amangochita masamba, pansi osaika kanthu. Pa ntchito yanga ndinaonapo alimi akumadera otsika atagula mbewu yake chifukwa choona anzawo akulemera nayo kumtunda kuno. Anataya ndalama ndi feteleza. Nkhani ya manambalayi imandikhudza chifukwa cha anthu ngati amenewo. Masiku ano achinyamata amalemba malo pa intaneti, makina n'kuwauza nyengo yake, iwo n'kukalangiza makolo awo choti abzale. Makinawo akakhala kuti akuwerenga latitude yokha, wolira ndi mlimi.

Dedza ili pa madigiri 14.4, kuyandikira ikweta ndi madigiri awiri ndi theka kuposa Nsanje. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita 111. Koma boma lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lili kumbuyoku limafika pafupi ndi 2,200. Masamu athu apereka 16 ndi theka. Apa ndinamuuza kuti lamulo lathu lapyola pang'ono, chifukwa oyeza nyengo amapeza cha m'ma 18. Chifukwa chake n'chakuti 6.5 uja ndi wa mpweya wongolenjekeka m'mwamba, pomwe chitunda chotambalala ngati chino chili ndi nthaka yakeyake yowotchedwa ndi dzuwa masana onse. Kuyerekeza kumakufikitsa pakhomo, sikukulowetsa m'nyumba.

Madzulo, tikuwotha mbaula, tinatsegula buku lake pa mutu wa Köppen. Wladimir Köppen, katswiri wa za nyengo, anabadwira ku St Petersburg mu 1846, nagwira ntchito yake yambiri ku Germany, ndipo mapu ake oyamba a zigawo za kutentha anatuluka mu 1884. Chimene ndimamukondera munthu ameneyu n'chakuti malire ake anawatengera ku zomera. Ankafuna manambala ofotokoza chifukwa chomwe nkhalango ina imathera apa, ina n'kuyambira apo. Kwa iye malo ndi a gulu A, lotentha, ngati mwezi wozizira kwambiri uli ndi avareji ya madigiri 18 kapena kuposa. Ukatsika pansi pa 18, malowo alowa gulu C, lofunda pang'ono. Palibe pomwe anati yang'anani mzere wa 23.5. Motero Nsanje sigwa m'gulu limodzi ndi Dedza, ngakhale onse ali m'kati mwa mizere iwiri ya 23.5, wa kumpoto ndi wa kumwera kwa ikweta. Lilongwe, Blantyre, Dedza ndi Mzuzu ndi a gulu C.

Mwanayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatenga pensulo n'kujambula mzere wachitatu pa tebulo la ntchito yake.

Tsiku lachinayi, ku Mzuzu

Tsiku lathera m'basi. Lilongwe, Kasungu, Jenda: chidikha chachitali, minda ya chimanga yokololedwa kale, zigafa za fodya, nambala yachitatu osasuntha kwenikweni, kungozungulira pa 1,000 ndi 1,300. Latitude yokha ndi yomwe inkatsika, ndipo thupi silinamve kusintha kulikonse.

Ku Chikangawa msewu unakwera m'mapiri a Viphya n'kulowa m'nkhungu. Mitengo ya paini imene ndinaidziwa ili nkhalango yowirira yatsala m'zigambazigamba, pena zitsa zokhazokha. Zinandipweteka.

Tafika ku Mzuzu usiku, mano akugwedezeka. Madigiri 11.5, mamita pafupifupi 1,250, masamu akuti 19. Mdzukulu wanga watulutsa pepala lake lakale, wapeza pomwe analemba kuti Mzuzu ndi yotentha kuposa Nsanje, wafufuta. Wagona atavala masokosi.

Tsiku lachisanu, ku Nkhata Bay

Lero ndilo tsiku lomwe ndinakonzera ulendo wonsewu. Mzuzu ndi Nkhata Bay zili pafupifupi pa latitude imodzi, 11.5 ndi 11.6, ndipo msewu wake sukwana makilomita 50. Munthu wongopatsidwa manambala awiri angalumbire kuti nyengo yake ndi imodzi.

Tinachoka titavala majuzi awiriawiri. Msewu unayamba kutsika mokhotakhota, ndipo zomera zinkasintha tikuona. Nthochi zinachuluka, chinangwa chinalanda malo a chimanga, mitengo inatalika n'kubiriwira ngati m'dzinja. Boma lino muli tiyi ku Kawalazi ndi mitengo ya labala ku Vizara. Labala kwawo ndi ku nkhalango za Amazon, safuna chisanu ngakhale pang'ono ndipo amamwa madzi ambiri. Mtengo umenewu kumera pa mtunda wa ola limodzi kuchokera pomwe tinagona ndi masokosi! Pofika padoko tinali titatsala ndi malaya okha.

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Masamu apereka 24, kusiyana ndi Mzuzu ndi madigiri 5. Mtunda wa makilomita 780 umene uli pakati pa Nsanje ndi Karonga sungabweretse kusiyana kumene chitunda chimodzi ichi chabweretsa.

Koma kuno kwatiphunzitsanso kuti ngakhale manambala atatu sakwanira. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto kuno, ndipo madzi ochuluka chotere amachedwa kutentha ndipo amachedwanso kuzizira. Masana amaziziritsa gombe, usiku amalifunditsa. Kasupe wina wa kusiyana ndi mphepo. Mwera unali ukuwomba, mabwato ambiri ali pamtunda, asodzi akusoka maukonde. Mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imatola chinyezi podutsa pamadzi, n'kugunda chitunda chomwe tatsika chija, n'kukhuthula mvula mbali ino. N'chifukwa chake kuno mvula imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi, kwina itasiya kale. Ikamatsikira tsidya lina, cha ku Rumphi, mphepoyo imakhala itauma, ndipo kumeneko mvula ndi yochepa. Malo awiri angafanane latitude, angafanane kukwera, koma ngati ena ayang'ana mphepo ena aifulatira, mlimi sangabzale mbewu imodzi.

Tinadya kondowole ndi usipa kwa mayi wina wachitonga pafupi ndi msika. Mdzukulu wanga anatulutsa themomita yake yaing'ono, nawerenga, n'kufuna kulemba nambalayo pa mzere wa avareji. Ndinamugwira dzanja. Chimene wayeza masana ano ndi nyengo ya lero. Avareji imene buku likufuna imatengedwa pa zaka 30, usana ndi usiku, chisanu ndi chilimwe, ndipo pakali pano oyeza nyengo padziko lonse akugwiritsa ntchito zaka za 1991 mpaka 2020. Mayi uja ankamvetsera uku akupakula, kenako anati, "Mwana wanga, ubwere mu Okutobala udzayezenso, udzalemba zina."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, ku Livingstonia

Tinabwerera ku Mzuzu m'mamawa, n'kudzera m'chigwa cha Henga, udzu wofiirira ndi fumbi monga ndinanenera dzulo, kenako kutsika chitunda cha Chiweta nyanja ili buluu kumunsi. Pa Chitimba tinadikira matola maola awiri kuti adzaze.

Msewu wa Gorodi uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono. Mwanayo anandigwira mkono njira yonse koma maso ali pa foni, akuwerenga mamita mokweza. Pa kona iliyonse kamphepo kankasintha. Pamwamba tinali titakwera mamita oposa 800 kuchokera pagombe, latitude ndi longitude zitangosuntha pang'onong'ono.

Mbiri ya malo ano ndi phunziro lomwelo lolembedwa ndi manda. Amishoni a ku Scotland anayamba kumanga ku Cape Maclear mu 1875, m'mphepete mwa nyanja. Malungo anawatha. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kugombe komwe, ndipo malungo anawatsatira. Mu 1894 Dr Robert Laws anakweza mishoni kudza kuno ku Khondowe. Nthawi imeneyo n'kuti asanadziwe kuti wofalitsa malungo ndi udzudzu. Ronald Ross anatsimikiza zimenezo mu 1897 ku India. Chomwe ankaona n'chakuti kumtunda anthu sadwala ngati kunsi. Lero tikudziwa chifukwa chake: kukazizira, tizilombo ta malungo timachedwa kukhwima m'mimba mwa udzudzu, ndipo udzudzu wambiri umafa tisanakhwime. Onani kuti posamuka ulendo uliwonse ankayandikira ikweta. Chinawathandiza ndi chitunda.

Tinapita kukaona mathithi a Manchewe dzuwa litapendeka. Titaima pamphepete, kumunsi kunkaoneka gombe lomwe tinadikirira galimoto tikutuluka thukuta, ife tili m'majuzi. Kumadzulo kuli Nyika, komwe nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600 ndipo miyezi ino udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Ulendo uno sitifikako, ndalama ya galimoto sikwanira. Anawerengera yekha pa kope: pa mamita 2,300 a ku Chelinda, 27 kuchotsa 15, yatsala 12. "Agogo, ndiye kuti kumeneko kuli pafupi ndi ikweta kuposa ku Blantyre, koma kukuzizira chonchi?" Ndinangogwedeza mutu.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, ku Karonga

Sindinafune kuti abwerere kwawo akuganiza kuti latitude ndi yachabe, ndiye tamalizira kuno, pa madigiri 9.9, kufupi ndi malire a Tanzania. Madambo a mpunga wa Kilombero okololedwa, ng'ombe zikudya ziputu, njinga zodzaza matumba. Kukwera kwake n'chimodzimodzi ndi Nkhata Bay, ndiye masamu athu aperekanso 24, koma kuno kumatentherapo. Gawo lina la kusiyanako ndi mvula yocheperapo ndi mitambo yochepa, gawo lina ndi latitude imene.

Tinazikanso nsungwi yathu pamchenga. Mthunzi unafupikitsitsa cha m'ma 11:50, popeza Karonga ili pa madigiri 33.9 kum'mawa, kufupi ndi mzere wa wotchi kuposa Nsanje. Unali masentimita 52. Ku Nsanje unali 73. Pang'ono pa kusiyanako n'chifukwa chakuti sabata yapita ndipo dzuwa layamba kubwerera kumwera, koma kwakukulu ndi madigiri 7 amene tayenda. Kuno dzuwa la masana laima pa madigiri 62 kuchokera pansi, ku Nsanje linali pa 54. Dzuwa lopendeka limamwaza mphamvu yake pa malo aakulu, loongoka limaiunjika pamodzi.

Latitude imalamulanso kutalika kwa usana. Ku Nsanje tsiku lalitali la Disembala limaposa lalifupi la Juni ndi maola awiri. Kuno ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. N'chifukwa chake kumwera chisanu ndi chilimwe zimatalikirana kwambiri, pomwe kuno miyezi imayandikana. M'dziko lopapatiza ngati lathu, la madigiri 8 okha kuchokera kumpoto kufika kumwera koma lokwera kuchokera pa mamita osakwana 50 mpaka 3,002 pa Sapitwa, chitunda chimaphimba zonsezi. Munthu wochoka kuno kupita ku Johannesburg kapena London ndiye amaimva latitude m'mafupa.

Tebulo lake tsopano lili ndi mizere isanu: latitude, longitude, kukwera, kutentha koyerekeza, ndi wina umene waonjezera yekha n'kuutcha "zomwe amalima". Pa Nsanje walemba mapira ndi thonje, pa Dedza kachewere, pa Nkhata Bay chinangwa ndi labala, pa Karonga mpunga. Akuti kwa malo akunja amene anapatsidwa, akafufuza kaye kukwera kwake asanalembe kanthu, ndipo wayamba ndi Quito, mzinda wa ku Ecuador umene uli pafupi kwambiri ndi ikweta koma pa mamita 2,850.

Ndamuuza kuti popeza tili m'kati mwa mizere ya 23.5, kawiri pachaka dzuwa limaima paliwombo ndendende, ndodo yoima chilili n'kusowa mthunzi masana. Ku Blantyre zimachitika sabata yoyamba ya Novembala, kenako kumayambiriro kwa Febuluwale. Wapempha kuti nsungwiyo aisunge, akaizike pabwalo la sukulu anzake akuona. Taimangirira ku thumba la mpunga lomwe tagulira amayi ake, ndipo basi ya ku Mzuzu inyamuka mawa 5 koloko m'mawa.